Mphambano Yathu ya pa Boma

Anzanga, pobwera kusukulu ndimaoloka pamphambano pamene msewu wa M18 wochokera ku Kasungu ukumana ndi M5 wa m'mbali mwa nyanja. Pamenepo malole a shuga wa ku Dwangwa, akabaza ndi amayi osenza usipa amangopingasana. Dzana mng'ono wanga anatsala pang'ono kugundidwa ine ndikuona.

Ena akuti atiikire maloboti monga ku Lilongwe. Ine ndikukana, pakuti magetsi akazima maloboti asanduka mitengo chabe. Zotiyenera ndizo mahampu, mizere yoolokerapo, ndi wapolisi m'mawa ndiponso poweruka.

Tsono inu aphunzitsi athu, tiloleni tiwerenge magalimoto ndi anthu odutsapo sabata yathunthu, tikapereke chiwerengerocho kwa Bwana DC. Tisayembekeze kuti maliro ndiwo akatilankhulire.