MUSAGULITSE NYUMBA CIFUKWA CA KALATA YA KU ULAYA

Abale ndi alongo a m'makomboni, inu amene mumadzuka tambala asanalire kuti mukathamangire basi ya ku nchito, nkhani ya lero ndi yanu.

Caka ciri conse, mayeso a Giredi 12 akangotuluka, m'nyumba zambiri za ku Matero, Chilenje, Kanyama, Chimwemwe ndi Kapata mumabuka nkhani imodzi. Mwana wakhoza bwino, ndipo pa foni yake pafika kalata yakuti yunivesiti ina ya kutsidya kwa nyanja yamlola. Atate asowa tulo. Amai ayamba kuwerenga za cilimba. Amalume atumiziridwa mau. Tsono pa msonkhano wa banja wina atulutsa ganizo lija loopsa: tigulitse nyumba.

Ife tikuti iai. Yambani mwakhala pansi ndi pensulo ndi pepala.

Sitidana nao maphunziro a kunja. Tingadane nao bwanji, ife amene tidziwa kumene tinacokera? Pamene dziko lino linalandira ufulu mu 1964, anthu akuda okhala ndi digiri anali pafupi-fupi 100 cabe m'dziko lonse. Atsamunda anakumba mkuwa zaka makumi-makumi osamanga yunivesiti ngakhale imodzi. Wofuna kuphunzira kopitirira anayenera kucoka. A Harry Nkumbula anapita ku Makerere ndi ku London. A Simon Kapwepwe anakhala ku India kuyambira 1950 kufikira 1955. A Mainza Chona anaphunzira za malamulo ku Gray's Inn. Koma amenewa anapita cifukwa kwao kunalibe kolowera. Ndipo University of Zambia itatsegulidwa mu 1966, anthu wamba ndiwo anasonkha, wina tindarama, wina nkhuku, wina mbuzi, kuti ana ao aleke kuyenda m'maiko a eni kufuna-funa cimene cingapezeke pakhomo.

Masiku amenewo ku Britain, kumene makolo athu anali kucha ku Mangalande, mlendo ndi mwini dziko anali kulipira mtengo umodzi pa sukulu. Zinthu zinasintha mu 1967, pamene mlendo anauzidwa kulipira £250 pa caka, mwini dziko £70. Mu 1980 boma la Mai Margaret Thatcher linalamula kuti mlendo azilipira mtengo wonse wa maphunziro ake. Kuyambira pamenepo wophunzira wocokera kunja anasanduka munda. M'zaka zapitazi ndarama za ophunzira acilendo zakhala kuposa gawo limodzi mwa magawo asanu a cuma conse ca mayunivesiti a ku Britain. Nanga mudabwiranji kuti kalata yolola mwana wanu yabwera msanga cotere? Wogulitsa pa msika sacedwa kuyankha moni wa wogula.

TIYENI TIWERENGE

Mu 2025 mwana wa ku England anali kulipira £9,535 pa caka, ndipo boma lake linali kumkongoza ndaramazo kuti adzabweze atayamba nchito. Mlendo pa digiri yoyamba anali kulipira pakati pa £11,400 ndi £38,000, osakongozedwa ndi wina ali yense. Za udotolo zokha musafunse. Ife titenge sukulu yosadula kwambiri, ya £15,000.

Imeneyo ndi sukulu yokha. Asanapatsidwe viza, mwana ayenera kuonetsa kuti ali nazo ndarama zokhalira. Mu Januwale 2025 mlingo unaikidwa pa £1,136 pa mwezi kunja kwa London, ndi £1,483 mu London, kwa miyezi 9. Kunja kwa London imeneyo ndi £10,224. Ndarama zimenezi ziyenera kugona m'banki masiku 28 otsatana osacepa ngakhale tsiku limodzi, tero nzeru ija yobwereka kwa mnansi m'mawa ndi kubweza madzulo siigwira nchito. Viza yeniyeniyo mu Epulo 2025 inafika pa £524. Palinso msonkho wa cipatala umene mlendo alipiriratu, adwale asadwale. Unayamba mu 2015 pa £150 pa caka, ndipo mu Febuluwale 2024 unafika pa £776.

Phatikizani zonsezi. Zikwana £26,524 pa caka coyamba. Tiwerengere paundi imodzi pa K30 cabe, ngakhale m'miyezi yambiri ya 2024 ndi 2025 inali yoposa pamenepo. Zituluka K795,720.

Mlongo wathu wogwira nchito ya m'nyumba ku Kabulonga, amene malipiro ake ocepetsetsa anaikidwa pa K1,300 pa mwezi mu Januwale 2024, angagwire nchito zaka 51, osadya, osabvala, osalipira lendi, kuti apeze ndarama za caka cimodzi cimeneci. Ndipo digiri ya ku England ndi zaka zitatu! Sitinaikepo ndeke, pasipoti, mayeso a Cingerezi, kupimitsa cifuwa ca TB, jekete la cisanu, kapena ndarama ya cikole imene mwini nyumba afuna mwana asanalowe m'cipinda.

Tsono nyumba ya m'komboni, imene atate anagula pamene boma la a Chiluba linagulitsa nyumba za kanselo kwa okhalamo mu 1996, ingalipire zaka zingati? Mwini wake aidziwa mtengo wake, awerenge yekha. Nyumba zambiri zingalipire caka cimodzi, zina theka la caka. Pambuyo pake banja liri pa lendi, ang'ono-ang'ono asiya sukulu, ndipo uja wa ku Ulaya abwera ndi sutukesi yopanda pepala.

Pali cinanso cimene ambiri saciganizira. Inu mulandira makwaca, sukulu ifuna mapaundi. Mu 2013 dola imodzi inali pang'ono kuposa K5. Mu 2015 inapitirira K10, mu 2020 inapitirira K20, mu 2024 inafika K27. Kwaca nthawi zina imalimba, n'zoona, koma kodi ndani mwa ife angalumbire za mtengo wake zaka zitatu zirinkudza? Abale athu a ku Nigeria anaciona cimeneci. Ndarama yao ya naira itagwa mu 2023, ophunzira ena pa Teesside University analephera kutsiriza malipiro, ndipo mu 2024 anacotsedwa m'kalasi nauzidwa kuti acoke m'dziko. Sanabe, sanalephere mayeso. Ndarama zimene makolo anasunga zinangosungunuka ziri m'banki.

"AKAFIKA ADZAGWIRA NCHITO"

Awa ndiwo mau amene agwetsa mabanja ambiri m'dzenje. Lamulo la ku Britain lilola wophunzira wa digiri kugwira nchito maola 20 okha pa sabata m'nthawi ya sukulu. Mu Epulo 2025 malipiro ocepetsetsa a munthu wa zaka 18 kufikira 20 anali £10 pa ola. Ndiye kuti £200 pa sabata, kapena pafupi-fupi £870 pa mwezi, ngati nchitoyo waipeza ndi maola onse. Boma la komweko linati pafunika £1,136 kuti munthu angokhala ndi moyo. Ya sukulu idzacokera kuti? Akapitirira maola aja mobisa, viza iri pa ngozi. Akagwira usiku m'nyumba zosungira okalamba ndi kulowa m'kalasi m'mawa, mayeso ndiwo agwa. Ndipo mwana wotere salemba kalata yonena zoona kwao, pakuti adziwa cimene cinagulitsidwa cifukwa ca iye. Atumiza cithunzi ataima pa cipale cofewa, akumwetulira, naonda.

Inu okwatira amene mulota za digiri yaciwiri, dziwaninso kuti kuyambira Januwale 2024 ophunzira ambiri saloledwa kutenga mkazi, mwamuna kapena ana. Ndiye nyumba ziwiri, mapoto awiri.

Za maejenti tinene pang'ono. Iwo ali ndi maofesi okongola m'tauni ndi zithunzi za nyumba zazitali pa Facebook. Ena ndi oona mtima. Koma ejenti kawiri-kawiri adya kawiri: kwa inu, ndi ku sukulu imene imlipira pa mutu uli wonse umene wabweretsa. Akakuuzani kuti mwana wapata "theka la bursary", funsani theka linalo ndi zingati, ndipo cakudya ndi pogona alipira ndani. Ana ambiri a mu Africa atumizidwa motero ku Northern Cyprus, dziko limene libvomerezedwa ndi Turkey yekha, nakapeza kuti nchito zimene analonjezedwa kulibe. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Musanapereke ngwee imodzi, pitani ku Zambia Qualifications Authority mukafunse ngati pepala la sukuluyo lidzalandiridwa kuno. Ngati ndi za udotolo kapena zina za cipatala, funsaninso bungwe limene lilembetsa anchito amenewo, cifukwa digiri imene siikulolani kugwira wodwala kwanu ndi cokongoletsa cipupa cabe.

Tikumva wina akuti: "Inu mutiletsa ife osauka, pamene akulu-akulu atumiza ana ao kunja, ndipo anawo akabwera adzalamulira athu." Mau amenewa ndi owawa cifukwa muli coonadi. Tidziwanso kuti pa mayunivesiti athu zinthu siziri bwino monse. Malo ogona acepa kotero kuti ophunzira athithikana m'cipinda cimodzi, ndipo aphunzitsi akhala akudandaula za malipiro ndi penshoni zaka zambiri. Koma mankhwala ake si akuti wanchito atenge kaloba, kapena akatape gawo lija la 20 peresenti la penshoni ya NAPSA limene lamulo linalola mu 2023, ndi kulitumiza kukamanga mayunivesiti a eni. Msonkho umene udulidwa pa malipiro anu mwezi ndi mwezi ndiwo uyenera kukonza University of Zambia, Copperbelt University ndi Mulungushi. Mkuru amene mwana wake ali kunja samva kuwawa denga la hositelo likadontha. Wokumbutsa ndinu, pa msonkhano wa yuniyoni ndi pamaso pa phungu wanu.

Njira zopitira kunja popanda kupha banja ziripo, ndipo mwana wa m'komboni ali nao ufulu wa kuzidziwa. Bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2016 m'malo mwa komiti yakale ya bursary, likongoza ophunzira a m'mayunivesiti a boma kuno, ndiponso ndilo ligawa malo amene maiko monga Russia, China ndi Algeria apatsa Zambia. Malo amenewa sali opanda minga. Cinenero ndi cacilendo, caka coyamba cimatha ndi kuphunzira kulankhula, ndipo mu 2022 tinaona ana athu akuthawa nkhondo ku Ukraine ndi kubwera maphunziro ali pakati. Koma nyumba ya atate imatsala.

Kwa amene atsiriza digiri yoyamba kuno pali Chevening, Commonwealth, Rhodes ndi Beit. Rhodes ndi Beit analemera ndi miyala ya m'nthaka ya kuno kumwera kwa Africa, tero mwana wathu asacite manyazi popempha. Chevening ilipira sukulu, ndeke ndi zokhalira, koma ifuna kuti munthu akhale atagwirapo nchito, ndipo akatsiriza abwerere kwao zaka ziwiri. Ife tiona kuti njira yanzeru ndi imeneyi: digiri yoyamba pakhomo, yaciwiri kunja ndi ndarama za ena. Digiri yaciwiri ku Britain kawiri-kawiri ndi caka cimodzi cokha, ndipo wopitayo ndi munthu wokhwima, wodziwa cimene akukatenga.

Pafupi pompa pali South Africa. Maiko a SADC anapangana mu 1997 kuti wophunzira wocokera m'dziko lina la bungweli azilipira monga mwini dziko, ndipo mayunivesiti ambiri kumeneko atsata pangano limeneli, naonjezapo kamsonkho ka alendo. Basi ifika, ndipo pa maliro mwana akhoza kubwera. Ku Germany mayunivesiti ambiri a boma salipiritsa sukulu, koma musathamange: mu 2024 anafuna kuti mlendo aike €11,904 m'banki yotsekedwa ya caka cimodzi, ndipo digiri yoyamba kawiri-kawiri iphunzitsidwa m'cinenero cao.

Kwa a boma tipempha zinthu zosabvuta. Malo a bursary akafika, alengezedwe pa wailesi m'Cinyanja, m'Cibemba, m'Citonga ndi m'zinenero zina, ndipo amatidwe pa zitseko za masukulu a m'makomboni ndi a kumidzi nthawi ikalipo, osati pa intaneti pokha masiku ocepa asanatseke. Maina a osankhidwa aonekere poyera pamodzi ndi masukulu amene anacokera, kuti tione ndi maso athu ngati mwana wa ku Chawama ndi wa ku Chadiza alimo. Ana amene boma latumiza kunja alandire ndarama zao pa nthawi yake. Ndipo ejenti ali yense alembetsedwe, apereke lisiti, ndi kulemba pa pepala mtengo wonse wa zaka zonse, m'makwaca ndi m'ndarama za kumene mwana apita.

Mayuniyoni naonso asagone. A m'migodi, a njanji, aphunzitsi ndi a m'masitolo akhoza kuika munthu mmodzi pa nthambi iri yonse wodziwa kuwerenga makalata amenewa, kuti membala asanasaine kanthu ayambe wamuonetsa. Ndipo inu a nthambi za m'makomboni, pa msonkhano wa mwezi uno itanani mphunzitsi wa sekondale ndi wina amene anaphunzirako kunja, muwakhazike kutsogolo, makolo abwere ndi makalata ao ndi mapensulo.