Kodi "free" ndi ufulu kapena ulere?

Tsiku lina pamsika wa pa Boma pano pa Mchinji ndidafunsa anyamata a kabaza tanthauzo la liwu loti "free". Onse adayankhira pamodzi: "Zaulere, bwana!" Ndidaseka nawo, koma mumtima mudandiwawa.

Sadalakwe ayi. Pamene ife tili ndi mawu awiri, ufulu ndi ulere, Azungu ali ndi limodzi. Koma tanthauzo la ulere lidachita kubwera pambuyo. M'Chingerezi chakale ankati "freo", ndipo tsinde lake ndi limodzi ndi la "friend": wokondedwa, wapabanja, amene sali kapolo. Munthu wotere makolo athu ankamutcha mfulu.

"Free" ameneyu ndiye adasautsa a Orton ndi a Vera Chirwa. Adawagwira chakumalire konkuno pa 24 December 1981. Bamboyo adafera m'ndende ya Zomba mu 1992, mayiyo adatuluka mu January 1993. Inu amene mudabwerera kwanu kuno podzera pa Mwami mukudziwa mtengo wake. Ndipo povotera nyali pa 14 June 1993, palibe adatilipira.

Mu 1994 kudabwera pulayimale yaulere. Sindikuinyoza, ngakhale ana ambiri adaphunzirira pansi pa mitengo. Chondidandaulitsa n'chakuti andale adazindikira msanga kuti "free" wachiwiriyu ngotchipa. Pa kampeni amatigawira zitenje ndi ndalama, koma tikawafunsa za mankhwala m'chipatala akuti tatumidwa ndi chipani china.

Nditawafotokozera zonsezi, mnyamata wina adandiyang'ana n'kufunsa: "Nanga bwana, ndinu a chipani chanji? Malaya mwabwera nawo?"