KODI FISI NDI MANKHWALA A TULO?

Anzanga owerenga, ndidziwa kuti ena a inu mudzaseka poona mutu wa nkhani yanga, ndipo mudzati, "Kodi mtsikana wa Fomu 4, amene mayeso amuyandikira, wasowa colemba kuti azitiuza za tiana?" Sekani ndithu, koma muwerenge kufikira kumapeto, pakuti ndi ocepa mwa ife amene kwao kulibe kamwana, ndipo patapita zaka zowerengeka ambiri a ife tidzakhala ndi athuathu.

Pa chuthi ca Disembala ndinapeza amai ali ndi khanda la miyezi iwiri. Mlongo wanga wa zaka ziwiri ndi theka anali atamcotsa pa mphasa ya amai kuti apatse malo khandalo, ndipo anampereka kwa ine kuti ndizigona naye. Usiku woyamba anadzuka kanai. Usiku waciwiri kasanu. Usiku wacitatu, nditatopa ndi kupalira cimanga, ndinacita cimene ndinaona akulu akucita ciyambire ubwana wanga. Ndinakanda citseko ndi zikhadabo, ndi kunong'ona kuti, "Khala cete! Wamva? Fisi uyo, akufuna mwana wolira." Mwana anatonthola pomwepo, ine ndi kudziyesa wocenjera. Koma sanagone. Ndinamva kathupi kace kakunjenjemera pamsana panga, atagwira citenje canga zolimba, kufikira tambala woyamba. Madzulo a tsiku lotsatira, mdima usanagwe nkomwe, anayamba kukana kulowa m'nyumba.

Tsono ganizo langa ndi ili: kuopsa mwana ndi fisi, ndi jekeseni, kapena ndi wapolisi kumamtontholetsa, koma sikumgonetsa. Kutonthola ndi kugona ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ife akulu timazisokoneza cifukwa cimene tifuna ndico kuti makutu athu apume.

Coyamba tiyenera kudziwa kuti kudzuka usiku si kupulupudza. Aphunzitsi a sayansi anatiuza kuti tulo timayenda mosinthanasinthana, tatikulu ndi topepuka, ndipo kwa munthu wamkulu kuzungulira kumodzi kumatenga pafupifupi mphindi 90, koma kwa kamwana kumafupikirapo. Kumapeto kwa kuzungulira kuli konse munthu amatsitsimuka pang'ono. Ife timatembenuka, kukoka bulangeti, ndi kugonanso, ndipo m'mawa sitikumbukira kanthu. Kamwana nakonso kamatsitsimuka, koma kamayamba kayang'ana ngati zinthu ziri monga zinaliri pamene kanagona. Ngati kanagonera kumsana kwa amai ace pafupi ndi moto, anthu akuceza, ndipo kadzuka kali pa mphasa mu mdima, amai palibe, kalekerenji kulira? Inu mutagona pa bedi lanu m'cipinda cogona ca pasukulu pano ndi kudzuka muli pakati pa bwalo la mpira, kodi mungatembenuke cabe ndi kupitiriza tulo?

Ndipo tisaiwale za ife eni. Sabata yoyamba ya Fomu 1 ndinamva anzanga atatu akusisima m'mabulangeti mwao cifukwa cofuna kwao, ndipo wacinai ndinali ine. Tinali a zaka 13 kapena 14. Lero lomwe alipo atsikana akuluakulu amene sangathe kupita kucimbudzi usiku popanda kudzutsa mnzao woti awaperekeze, ngakhale mpanda ulipo ndi mlonda yemwe. Mantha amenewa sitinawapeze pasukulu ai. Tinabwera nao kucokera kumudzi, ndipo ndiganiza kuti ena anabzalidwa ndi zikhadabo pa citseko.

Caciwiri, mwana wolira usiku kawirikawiri ali ndi cifukwa, ndipo fisi amatitsekera njira yocifufuza. Ine nditacita manyazi ndi zimene ndinacita, ndinayamba kuyang'anitsitsa. Ndinapeza kuti masikito athu anali ndi cibowo kumiyendo, ndipo mapazi a mwana anali ndi zizindikiro za udzudzu. Imeneyi si nkhani ya tulo yokha. Ciyambire 1897, pamene Ronald Ross anapeza kacirombo ka malungo m'mimba mwa udzudzu ku India, zadziwika kuti malungo amadza ndi udzudzu, ndipo mtundu woipawo umaluma makamaka usiku. Mwana akadzuka thupi liri moto, cofunika si nthano kapena kumuopsa, koma kupita naye kucipatala kukaca kuti akamuyeze magazi. Akakomoka kapena kukana kumwa, musadikire nkuca komwe. Ndinapezanso kuti masiku ambiri anali kugona nsima isanapse, pakuti nthawi ya dzinja amai amacedwa kumunda, motero pakati pa usiku njala inali kumdzutsa. Masiku ena atate anali kumgawira tiyi wao wamadzulo, osaganiza kuti tiyi amathamangitsa tulo. Anamwino a ku sikelo anawonjeza cina cimene sindinali kucidziwa: pali tinjoka toyera, tating'ono ngati ulusi, timene timaturuka usiku kudzaikira mazira kumatako, ndipo mwana amadzuka akudzikanda, mankhwala ace alipo kucipatala.

Cina codabwitsa ndi cakuti mwana wotopa kopambana ndiye amabvuta kugona. Malangizo amene bungwe la WHO linaturutsa m'caka ca 2019 amati mwana wa caka cimodzi kapena ziwiri agone maora 11 mpaka 14 pa tsiku, kuwerengera ndi tulo ta masana, ndipo wa zaka 3 kapena 4 agone maora 10 mpaka 13. Wathu tinali kumletsa dala kugona masana poganiza kuti adzagona bwino usiku. Tinali kulakwa.

Usiku wina anakuwa koopsa tisanafike pakati pa usiku, maso ali cipenyere, thukuta liri kamukamu, koma osandizindikira, ndipo pomgwira anali kundikankha. Mai wina wa nyumba yoyandikana anayamba kale kuchula za anthu oipa. Patapita mphindi zocepa mwana anagonanso yekha, ndipo m'mawa sanakumbukire kanthu. Anamwino aja anati zotere zimacitika kwa ana ena aang'ono pamene ali m'tulo tatikulu, ndipo zimatha akamakula. Cofunika ndi kukhala pambali pace kuti asadzipweteke, osamgwedeza kuti adzuke. Anacenjezanso za iwo amene amamwetsa mwana mankhwala a cimfine, kapena kumlawitsa mowa, kuti agone. Zimenezi zikhoza kumpweteka kwambiri.

Zimene ndinacita ine nzosabvuta kuzinena. Ndinasoka masikito. Madzulo ali onse ndinali kumpatsa phala kapena nsima msanga, kumsambitsa, kupita naye kukataya madzi, ndi kumuuza nthano imodzi ya Kalulu, ndikusankha yopanda Fisi. Ndinali kumgoneka pa mphasa akali maso, atafunda citenje cakale ca amai, dzanja langa liri pamsana pace, kuti pamene adzuke apeze zinthu ziri momwe anazisiyira. Akadzuka sindinali kuyatsa nyali kapena kumnyamula kukayenda naye. Ndinali kungoti, "Ndiri pompano, gona," ndi kumsisita. Sindinama kuti zinatheka tsiku limodzi. Masiku ena ndinafuna kulira pamodzi naye. Koma patapita masabata awiri anali kudzuka kamodzi kokha, ndipo mausiku ena osadzuka konse.

Agogo anga sanabvomerezane nane. Anati, "Mdzukulu wanga, tonsefe tinakula ndi fisi ameneyu, ndipo tiri moyo. Iwe uli pa chuthi. Amako mawa alawirira kudambo, madzi akatunge, khanda liyamwe. Nthawi yosisita msana aipeza kuti?" Mau amenewa ndinasowa cowayankha msanga, pakuti ndi oona. Nkosabvuta kwa mwana wa sukulu, amene belu limamgoneka ndi kumdzutsa, kuweruza mai amene sanagone usiku wathunthu kwa miyezi yambiri. Fisi amagwira nchito m'kamphindi, pamene njira yanga ifuna masabata.

Koma nditaganiza bwino ndinaona kuti mau a agogo sateteza fisi. Aonetsa kuti katundu yense tamsenzetsa munthu mmodzi. Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma usiku ukagwa mwana amasanduka wa amai ace okha. Atate amatembenukira kukhoma. Acimwene amene ali ku gowelo m'mawa amangofunsa kuti, "Kodi mwanayu walira ciani usiku wonse?" Anyamata a pasukulu pano, ndikunena ndi inu: kusoka masikito, kupatsa mwana phala dzuwa lisanalowe, ndi kumuuza nthano sikufuna kuti munthu abvale siketi. Amai atakhala ndi wowalandira mausiku awiri pa sabata, ndikhulupira kuti sangafune kuitana fisi.

Pobwerera kusukulu mu Januwale ndinasiya nchitoyi m'manja mwa mng'ono wanga wa Sitandade 7, nditamlonjeza kope ndi colembera akapirira kufikira Pasaka. Sabata yatha amai ananditumizira mau. Akuti mlongo wanga tsopano amagona bwino ndithu, koma madzulo ali onse amafunsabe ngati citseko ncotseka, ndipo salola kugona mpaka wina acigwedeze iye akuona.

Mtsikana wa Fomu 4