Nyenyezi zisanu si chikho

Ku America kuli nyengo imene ochemerera mpira wa m'makoleji sagona nayo tulo. Ndi nyengo imene anyamata omaliza sekondale amasaina kuti akasewerera koleji iti. Kale tsiku lake linali Lachitatu loyamba la February, koma kuyambira 2017 ambiri amasainiratu mu December. Makampani monga Rivals ndi 247Sports amapatsa anyamatawa nyenyezi, zisanu kwa amene akuoneka kuti ndi katswiri, ndipo ochemerera amasangalala ngati chikho chalowa kale m'nyumba.

Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2022 Texas A&M inasonkhanitsa anyamata amene anaikidwa pa nambala 1 m'dziko lonse pa mpira wa Chiamerika, uja wonyamula ndi manja. Chaka chomwecho timuyo inapambana masewero 5 n'kugonja 7. Mu November 2023 mphunzitsi wake, Jimbo Fisher, anachotsedwa ntchito, koleji n'kutsala ndi ngongole yomulipira madola oposa 75 miliyoni.

Taonaninso Stephen Curry wa basketball. Virginia Tech, kumene anasewera bambo ake, sinafune kumulipirira maphunziro. Anapita ku Davidson, koleji yaing'ono, ndipo mu 2008 anaifikitsa m'gulu la matimu 8 otsiriza m'mpikisano wa dziko lonse. Mu 2015 ndi 2016 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu NBA.

Nanga chimachitika n'chiyani? Mnyamata wa zaka 17 amakhala asanakhwime. Wina amavulala, wina amapukwa kwawo, wina amaona mphunzitsi amene anamukopa akusamukira kwina. Kuyambira 2018 kusintha koleji kunapepuka, ndipo kuyambira 2021 osewera amaloledwa kupeza ndalama pogwiritsa ntchito dzina lawo. Motero amene wasaina lero akhoza kuchoka chaka chamawa.

Nyenyezi si bodza ayi, pakuti matimu otenga anyamata ambiri a nyenyezi zinayi ndi zisanu ndi amene kawirikawiri amatenga chikho. Koma mlimi amadziwa kuti mbewu yabwino si nkhokwe yodzaza. Pafunika nthaka, khasu ndi mvula.

Chomvetsa chisoni n'chakuti chiyembekezo chikalephereka, amene amatukwanidwa pa intaneti ndi mwanayo, amene sanadzipatse yekha nyenyezizo. Ochemerera akanakumbukira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.