Chikwapu Sichiphunzitsa Kagalu

Anzanga, lero sindilemba za mpira kapena za mayeso. Ndikufuna tikambirane za galu. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuseka, koma werengani kaye mpaka pansi belu lisanalire.

Pa holide yapitayi amalume anatibweretsera kagalu kofiirira ka masabata 6 okha. Agogo anakatcha Dziwazako, ati pofuna kuyankha anthu ena ake olongolola m'mudzi mwathu. Sabata yoyamba tonse tinkalimbirana kukanyamula. Sabata yachiwiri zinthu zinatembenuka. Kanayamba kuluma chilichonse: zala, zidendene, chitenje cha amayi, mpaka kope langa la Geography. Kubiba ndiye osanena. Pakhonde, kukhitchini, tsiku lina pamphasa penipeni pomwe amayi anayanika ufa. Kenako kanaluma mlongo wanga wa zaka 4 pamwendo, timagazi n'kutuluka. Madzulo ake abambo anagamula mlandu: "Kagalu aka kakapanda kusintha pofika kumapeto kwa mwezi, ndikakataya kudambo." Abambo anga sanena kawiri.

Ine ndinachita zomwe ambiri a ife timachita. Ndinathyola kamtengo. Kakaluma, chikwapu. Ndikapeza bibi pakhonde, ndinkakagwira pakhosi, kukanunkhizitsa, kenako chikwapu. Mukudziwa chomwe chinachitika? Sikanasiye. Kanangophunzira kubisala. Kanayamba kukabiba kuseri kwa thumba la chimanga komwe sindingakaone, ndipo ndikakaitana kankathawira pansi pa nkhokwe. Tsiku lina nditatambasula dzanja kuti ndikatulutse, kanandionetsa mano koyamba.

Amene ananditsegula maso ndi alangizi a ziweto omwe anabwera kudzaona mbuzi zathu. Atandiona ndi kamtengo m'manja anandifunsa kuti, "Iwe mnyamata, kabiba nthawi yanji?" Ndinati mwina m'mawa. Iwo anati, "Nanga pano ndi masana. Ukuganiza kuti kakudziwa chomwe ukukamenyera?" Ndinasowa choyankha.

Kuyambira tsiku limenelo maganizo anga ndi awa: kumenya kagalu si kukaphunzitsa ayi. Ndi ulesi wa mwini wake basi. Chimene chimaphunzitsa ndi kudekha, kusunga nthawi, ndi kuchita chinthu chomwecho tsiku ndi tsiku.

Tiyambe ndi kuluma. Kagalu kalibe manja, choncho chilichonse kamachifufuza ndi pakamwa. Kuonjezera apo pali nkhani ya mano. Kamakhala ndi mano aubwana 28, akuthwa ngati singano. Kakafika miyezi itatu kapena inayi manowa amayamba kuguluka kuti pamere okhazikika 42, ndipo mpaka cha m'ma miyezi 6 kapena 7 nkhama zimakayabwa. Ndiye kukamenya chifukwa chotafuna kuli ngati kumenya khanda chifukwa choti likumera mano. Chinanso, tiagalu timaphunzitsana tokha kuluma mofewa. Tikamasewera, kena kakalumitsa, kanzake kamalira kuti kwee, masewera n'kuthera pomwepo. Pang'onopang'ono kolumako kamazindikira kuti kulumitsa kumathawitsa anzako. N'chifukwa chake kagalu kamayenera kukhala ndi make ndi abale ake mpaka masabata 8. Kathu kanasiyira sukuluyo panjira.

Ndiye ndinangotengera zomwe abale ake akanachita. Mano ake akangokhudza khungu langa, ndinkanena kamodzi mwamphamvu kuti "Ayi!", kuimitsa dzanja osalikoka, kenako kuimirira n'kukafulatira kwa kanthawi kochepa. Kakadekha, ndinkakapatsa chingwe chokhuthala chomwe ndinamanga mfundo kuti kazitafuna chimenecho. Musakapatse patapata wakale, chifukwa sikadziwa kusiyanitsa wakale ndi watsopano wa amayi anu. Mafupa a nkhuku ophika nawonso ayi, amasweka n'kukhala tizidutswa takuthwa. Mlongo wanga ndinamuphunzitsa kuti kakamuthamangira asathawe kapena kukuwa, angoima chilili ngati mtengo, manja pachifuwa. Mwana akathawa, kagalu kamayesa masewera ayamba.

Vuto lalikulu silinali kagalu, linali achimwene. Ine ndaphunzitsa masana onse, iwo madzulo akubwera kudzakagwetsa pansi, kukalowetsa dzanja m'kamwa, uku akuseka. Kagalu kangamve bwanji lamulo loti kwa uyu kuluma n'koletsedwa koma kwa uyo ndi masewera? Poti sindingawalamule akuluakulu, ndinakadandaula kwa amayi, ndipo amayi ndi amene anawakhazika pansi. Pakhomo pakakhala malamulo awiri, galu satsata lililonse.

Tsopano za chimbudzi. Kagalu kali ndi chikhodzodzo chaching'ono. Odziwa za agalu amayerekeza kuti kamatha kupirira pafupifupi ola limodzi pa mwezi uliwonse wa msinkhu wake, kutanthauza kuti ka miyezi iwiri sikangadutse maola awiri kapena atatu masana. Si mwano, ndi thupi. Ubwino wake ndi woti nthawi zake zimadziwika: kakangodzuka, kakangomaliza kudya, kakatha kusewera, ndi usiku kasanagone. Ndinasankha malo amodzi kuseri kwa nyumba, pafupi ndi dzala, ndipo nthawi zonsezi ndinkakanyamula kupita nako kumeneko n'kuima phee kudikira. Kakangomaliza, pomwepo ndinkakayamikira ndi mawu okoma n'kukapatsa bonya mmodzi. Pomwepo, osati titabwerera pakhonde.

Inu a Fomu 4 mukukumbukira Ivan Pavlov mu Biology, wasayansi wa ku Russia amene anaonetsa kuti galu amayamba kuchucha dovu akangomva chizindikiro chomwe chakhala chikubwera limodzi ndi chakudya. Phunziro lake ndi loti galu amalumikiza zinthu zochitika moyandikana. Mphotho ikabwera nthawi yomweyo, amadziwa chomwe wachita bwino. Chikwapu chikabwera patapita maola atatu, chomwe amalumikiza ndi ichi: munthu uyu akafika, ndimamva kuwawa. Zija timaloweza pofuna kukhoza mayeso, ine ndinaziona zikugwira ntchito kuseri kwa nyumba yathu.

Palinso tinthu tina tomwe tinathandiza. Tinayamba kukapatsa chakudya katatu patsiku pa nthawi yofanana, chifukwa chakudya chikakhala ndi nthawi, chimbudzi nachonso chimakhala ndi nthawi. Ndinaphunzira zizindikiro zake: kakayamba kununkhiza pansi n'kumazungulirazungulira, nyamulani msanga. Pomwe kaipitsa, fungo lichoke lonse, apo ayi kabwereranso pomwepo. Pasimenti tinkatsuka ndi sopo ndi madzi ambiri, padothi tinkapala ndi khasu n'kuzira dothi lina. Usiku kankagona m'katoni pakona ya khonde, chifukwa galu mwachibadwa sakonda kuipitsa pogona pake.

Ndikudziwa zomwe ena munena. Mnzanga wina m'kalasi mwathu anandiseka kuti, "Aise, galu ndi mlonda. Ukamulera ngati khanda, akuba adzamusisita." Enanso amakhulupirira kuti galu amalusa ukamuthirira tsabola m'chakudya kapena kumutsekera m'kakhola kamdima tsiku lonse. Koma taganizani. Galu womenyedwa amakhala wamantha, ndipo galu wamantha ndi amene amaluma mosayembekezereka. Nanga amaluma ndani? Wakuba amabwera mwina kamodzi pachaka. Amene amadutsa pakhomo tsiku lililonse ndi mwana wa aneba wodzapala moto, ndi mayi wogulitsa masamba, ndi mng'ono wanu yemwe. Kuuwa alendo usiku galu sachita kuphunzitsidwa ndi chikwapu, kumabwera kokha akamakula n'kudziwa kuti pano ndi pakwawo. Dziwazako wayamba kale kuuwa njinga zodutsa pamsewu, chonsecho ndinasiya kalekale kumumenya.

Ena munena kuti izi ndi za anthu a ndalama a m'tauni. Ine ndawonongapo chiyani? Chingwe chakale, katoni ya kugolosale, ndi bonya wodzaza dzanja limodzi. Za nthawi ndiye ndikuvomera, n'zovuta. Ife timadzuka kusanache, kuyenda mtunda wautali, kubwerera madzulo titatopa. Ine ndinkakatulutsa m'mawa ndisananyamuke, ndikaweruka, ndi usiku. Masana ankandigwirira ndi agogo, atandilonjezetsa kuti ndiziwatungira madzi Loweruka lililonse. Ngati kwanu palibe woti n'kukuthandizani chonchi, kuli bwino kudikira kaye osatenga kagalu, kusiyana n'kukatenga n'kumakalanga chifukwa cha kutanganidwa kwanu.

Pali chinthu chimodzi chomwe sindingatseke osachinena, chifukwa apa ndi pa moyo. Chiwewe. Tsiku lomwe mlongo wanga analumidwa, amayi anatsuka balalo ndi sopo n'kuthamanga naye kuchipatala, ngakhale kabala kake kanali kochepa. Anachita bwino. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi anayi mwa khumi aliwonse ndi ana osafika zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, munthu sachira. Choncho galu aliyense akakulumani kapena kukukandani mpaka khungu kutseguka, tsukani ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo. Osathira mankhwala azitsamba n'kukhala pansi. Ndipo kagalu kanu kabayitseni katemera, kawirikawiri kuyambira pa miyezi itatu. Funsani alangizi a ziweto a m'dera lanu, ndipo mukamva kuti kwabwera obaya agalu, musachite ulesi. Pa 28 September paliponse dziko lonse limakumbukira za matendawa. Koma apanso kuphunzitsa kumathandiza: galu wozolowera kugwiridwa mwachikondi savuta kupita naye kukatemera, pomwe womenyedwa uja amakathera m'tchire tsiku la jakisoni.

Mwina mukufuna kudziwa kuti mlandu uja unatha bwanji. Mwezi unatha, abambo sananene kanthu. Ine sindinafunse, poopa kuwakumbutsa. Sindinama kuti Dziwazako wasanduka mngelo. Sabata yatha yomweyi watafuna patapata wa achimwene, ndipo mvula itagwa usiku wina anakodza pakhonde. Koma sanalumenso munthu, ndipo m'mawa amathamangira yekha kudzala n'kubwerera kudzandiyang'ana kuti bonya wake ali kuti. Dzulo ndinawaona abambo akumuponyera kambamu ka nsima mobisa, akuganiza kuti palibe akuwaona.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati kwanu kuli kagalu kovuta, yesani njira imeneyi kwa masabata atatu okha, kamtengo kaja mukaponye pamoto. Zikakanika, mundipeze pa buleki pansi pa mtengo wa mango, tidzakambirane.

Ndine mnzanu wa Fomu 3.