Filimu ikatha, dzina lanu lili pati?

Atsikana anzanga, uthenga uja mumaudziwa, umazungulira m'magulu a WhatsApp: tikufuna atsikana awiri ooneka bwino asewere mufilimu yaifupi, ndalama palibe koma mudzatchuka. Eti exposure. Ndiye tiyeni tione mmene bizinesi imeneyi imayendera, tidziwe kuti wotchukayo amakhala ndani.

Mbali ina sakunama. Filimu yaifupi sibweretsa ndalama ngati yaitali. A Oscars amaitenga kuti ndi yaifupi ngati siposa mphindi 40, kuphatikiza maina akumapeto aja. Palibe amene amagula tikiti ku sinema kuti akaonere filimu ya mphindi 12. Msika wake ndi mafesitivo, ndipo yaikulu kwambiri ya mafilimu aafupi imachitikira ku Clermont-Ferrand ku France, komwe ogula a ma TV amakasankha zoti agule. Mwini filimu amaitumiza ku mafesitivo kudzera pa intaneti, pa masamba ngati FilmFreeway, ndipo ambiri amalipiritsa madola pongoitumiza, kaya aisankha kaya ayi. Ena safuna filimu yoti inaikidwa kale pa YouTube, n'chifukwa chake chaka chimatha inu osaiona.

Nanga anthu amavutikiranji? Chifukwa filimu yaifupi ili ngati setifiketi. Ndi imene umaonetsa pokapempha ndalama za ntchito yaikulu. Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka, anayamba ndi mafilimu aafupi. Mwansa the Great ya 2011 inapikisana nawo pa mphoto za BAFTA. Mu 2017 anatulutsa yaitali, I Am Not a Witch, yomwe inapambana BAFTA mu 2018, ndipo mu 2024 analandira mphoto ya dayirekita ku Cannes. Netflix ndi UNESCO atatsegula mpikisano wa nthano za mu Africa mu 2021, ofunsira ankatumiza CV ndi zitsanzo za ntchito zawo zakale. Opambana 6 analandira $25,000 aliyense, kuonjezera pa ndalama zojambulira. Atatu anali akazi: Korede Azeez wa ku Nigeria, Voline Ogutu wa ku Kenya ndi Gcobisa Yako wa ku South Africa.

Mwaona? Malipiro enieni a filimu yaifupi ndi dzina ndi umwini. Fesitivo imaitana dayirekita. Wogula amasainirana ndi pulojusa. Exposure ilipodi, koma imapita kwa amene dzina lake lalembedwa pamwamba.

Tsono taonani mmene timakhalira pojambula. Mnyamata ali kuseri kwa kamera. Mtsikana ali kutsogolo, akulira ngati mkazi womenyedwa. Wina akuphoda osewera, wina ali pa mbaula kuphikira gulu lonse nsima. Wina ndi amene anakonza nkhani yonse imene inali yopanda mutu, koma kumapeto dzina lake lili pamodzi ndi la amene anabwereka galimoto. Zikafika pa masiku 16 olimbana ndi nkhanza, kuyambira 25 November mpaka 10 December, mabungwe amathandiza mafilimu ndi ndalama. Kamera yalipiridwa, mafuta agulidwa, koma mtsikana amene misozi yake yagulitsa filimuyo wapatsidwa ya minibasi ndi botolo la Fanta. Filimu yodzudzula kupondereza akazi, yopangidwa podyera akazi masuku pamutu. Zamanyazi.

Ndikudziwa yankho lawo: “Tonse sitinalipidwe, asisi.” Chabwino achimwene. Koma inu mwapita kwanu ndi filimu imene mukaonetse kwa othandiza ndi ndalama. Iye wapita ndi chani? Kusalipidwa kwanu ndi mpamba, kwake ndi ganyu yaulere.

Palinso odishoni ija yochitikira ku loji usiku, mtsikana mmodzi basi. Imeneyo si odishoni. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa kuzunza munthu pomufuna zogonana, ndipo chilango chake ndi K1,000,000 ndi zaka 5 kundende. Sungani mameseji, uzani mnzanu komwe mukupita, musapite nokha.

Sitikunena kuti muzikana ntchito iliyonse yopanda malipiro. Tikuti musanayambe, zinthu izi zilembedwe, ngakhale pa WhatsApp pomwepo:

Dzina lanu ndi udindo wanu, mmene zidzaonekere kumapeto.
Gawo lanu filimu ikagulidwa kapena ikapambana ndalama.
Zimene mwavomera ndi zimene mwakana: kuvula, kupsompsonana, kugwiridwa.
Kope la mbali zimene mwasewera, kuti nanunso mukhale ndi choonetsa.

Ngati nkhani ndi yanu, ilembeni ndi kusainira dzina lanu. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza cholembedwa, osati ganizo limene munangolikamba pocheza.

Chachikulu, khalani pampandowo. Joyce Mhango Chavula anapambana mphoto ya AMVCA mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe, ali mwini wake. Sukulu ya MultiChoice Talent Factory ku Lusaka imatenganso Amalawi, ikatsegula lembani. Mwa anzanu atatu, wina alembe, wina agwire foni, wina aphunzire kudula zithunzi pa kompyuta. Mphindi 5 zokha, koma dzina lanu pamwamba.

Munasewerapo kapena kugwirapo ntchito mufilimu koma dzina lanu osaoneka? Tiuzeni m'munsimu. Maina a anthu musatchule, tifotokozereni mmene zinayendera.