Mliri ndi tiana ta ku mkombaphala

Boma litatseka sukulu pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha COVID-19, nkhawa ya ambiri inali pa ana olemba mayeso. Komatu amene anataya zambiri ndi tiana ta ku mkombaphala. Mwana wa zaka zinayi amaphunzira kulankhula, kuwerengera ndi kugawana zinthu akamasewera ndi anzake, ndipo kwa ambiri phala la kumeneko ndilo linali chakudya chodalirika cha m'mawa. Ena amati maphunziro a pa wailesi anathetsa vutoli. Anathandizadi okulirapo, koma wailesi singatonthoze mwana wolira, singaonenso kuti wayamba kunyentchera. Kutseka kunateteza miyoyo, sitikukana. Koma mliri wina ukadzabwera, alezi ndi ufa wa phala azidzawapeza anawa pakhomo.